Maso a M'chitini

Pa khonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe,
pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wa mandasi,
a Namakhwa amasunga maso m'chitini cha majarini.
Si maso a munthu ayi,
ndi timphete tamkuwa tokhoma pa nsalu kuti chingwe chidutse,
koma iwo amati maso,
ndiye nafenso timangoti maso.

Tsiku langa loyamba anakhuthulira chitini pa thabwa,
wayawaya!
Ena ngati njere ya mphodza,
ena ngati khobidi,
ena olowa chala chachikulu mpaka pa mfundo.
"Nsalu ndi iyi," anatero. "Sankha."
Ndinatola lalikulu, lonyezimira, loti anthu aone.
Inali katani ya lesi ya mkwatibwi wa ku Chilomoni,
yopyapyala ngati khoko la anyezi.
Nyundo kho!
Pofika Loweruka katani inali lende ngati khutu long'ambika,
mkwatibwi anabwera ndi alamu ake awiri,
ndipo malipiro anga a mwezi wonse
anakwera nawo minibasi.

A Namakhwa sanakalipe.
Anagwira dzanja langa n'kulitsinitsa nsalu:
"Imva kaye. Imanena yokha.
Lesi safuna katundu,
mpatse diso laling'ono,
umuyalire kachigamba kumbuyo apeze pogwira.
Chitenje uchipinde kawiri m'mphepete.
Jinzi ngwamakani, amafuna diso la khosi lalitali,
lalifupi limangomuluma pamwamba, iye n'kulilavula.
Chikopa uboole mowumira, chimatanuka chokha.
Ndipo bowo lichepe kuposa diso, nthawi zonse,
diso lilowe modzipanikiza
ngati wokwera womaliza wa ku Ndirande madzulo."

Ndinamva, koma ndinamva ndi mantha.
Atabwera a Chipwaila ndi lona wa benchi yawo ya matimati ku Mbayani,
wolemera, wonunkha dizilo,
dzanja langa linakumbukira mkwatibwi
n'kuthawira ku timaso ta mphodza.
Chingwe cha sisalo chinakana kulowa.
Anamangira ndi kaulusi.
Chiperoni cha mu Juni chitatsika ndi mawawa ake
lona ananyamuka ngati khwangwala,
anakamutola m'mphepete mwa Mudi,
timaso tonse titatsala pa nsungwi, tili tong'o, kuyang'ana mitambo.

"Unafunsa nsalu," anatero a Namakhwa,
"koma sunafunse chingwe.
Sunafunse mphepo."
Tsiku limenelo ndinakhoma maso makumi awiri ndi anayi
aakulu, pa mpendero wopinda katatu,
mpaka chikhatho chinatuluka matuza.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapita.
Wosoka nsapato anasamukira ku Bangwe,
Mmwenye anagulitsa sitolo, khonde linatsala.
Maso a a Namakhwa, awo enieniwo, achita ng'ala.
Ku Gulupu anawalembera tsiku, tsiku n'kusuntha,
n'kusunthanso.
Amabwerabe m'mawa uliwonse, jekete lomwe lija,
kukhala pa kreti, chitini pamiyendo,
zala zikusambira m'katimo.
Ndikawapatsa nsonga ya nsalu amaitsina kamodzi,
dzanja lina latulutsa kale diso.
Sanaphonyepo.

Dzulo kunabwera kamtsikana ka yunifolomu ya buluu,
chikwama cha sukulu chitathothoka pomangira,
nsalu yachilendo, kunja nayiloni, m'kati ngati thonje.
A Namakhwa anali akuwodzera.
Ndinaitsina. Ndinayeza chingwe pa chala.
Ndinaganiza za mabuku, kulemera kwake pokwera mtunda wa Kanjedza.
Ndinasiya lalikulu, ndinasiya laling'ono,
ndinatola lapakati, la khosi lotalikirapo.
Kho! Kho!

Anadzidzimuka, n'kupendeketsa mutu
monga amachitira pomvera nyundo.
Ndinadikira.
Sanati wakulitsa. Sanati wachepetsa.
Anangotembenukira kwa mayi uja
n'kuitanitsa mandasi awiri.